Mizere Yoloza kwa Mfumu

Ufumu wa Mwatero unali paphiri. Sindikunena kuti m'dzikomo munali phiri, ayi. Dziko lonselo linali phiri limodzi lalikulu, lokhala ngati dengu lovundikira. Pansonga panali nyumba ya Mfumu Ndanena Wachitatu, m'mbali monsemo munali midzi ndi minda, ndipo kumunsi kunkadutsa mtsinje wa Pitanazo, umene unali malire ndi dziko la Zadzazokha. Munthu wa ku Mwatero sankadziwa kuyenda pamalo athyathyathya. Ngati sakukwera ndiye kuti akutsika, ndipo amene ankakwera msanga ndi amene ankadziwa kuwerama.

Dzina la dzikoli silinabwere mwangozi. Mfumu ikayankhula, bwalo lonse linkawomba m'manja n'kuyankha kuti, "Mwatero!" Ikafunsa funso, yankho linali lomwelo. Ngakhale ikayetsemula, nduna zinkati "Mwatero!" poopa kuti mwina m'kuyetsemulamo muli lamulo.

Chaka china mfumu inamva kuti mafumu anzake ali ndi chinthu chotchedwa Dongosolo la Kagwiritsidwe Ntchito ka Nthaka. Sinadziwe ngati chinthucho chimadyedwa kapena chimavalidwa, koma nsanje inaigwira, ndipo inalamula kuti nayonso ikhale nalo, lalikulu kuposa la wina aliyense. Ntchitoyo inagwera a Kadammanja, mlangizi wamkulu wa zaulimi, bambo wowonda amene ankayenda ndi njinga yopanda mabuleki m'dziko lopanda chigwa, moti nthawi zambiri njingayo ndiyo inkakwera iwo.

A Kadammanja anazungulira midzi yonse. Anakhala pansi ndi alimi, kukangana nawo za kumene ng'ombe zizidyera, kumene kusiyidwe nkhalango, ndi pamene madimba azilekezera kuti gombe la mtsinje lisagumuke. Ndinene mosabisa, dongosolo limene anabwera nalo linali labwino. Koma ku Mwatero chinthu chabwino chinali choopsa, chifukwa chikafika kubwalo aliyense ankayamba kudzifunsa kuti mwini wakeyu akufuna udindo wa ndani.

Amene funsoli linawasowetsa mtendere kwambiri anali a Gwadani, Nduna ya Nthaka, Malire ndi Kumasulira Mawu. Ntchito yawo yeniyeni inali yachitatuyo. Mawu onse opita kwa mfumu ankadzera mwa iwo, ndipo ankalowa ali nkhunda n'kutuluka ali kadzidzi.

Tsiku lopereka dongosolo, a Kadammanja anagwada pabwalo n'kuyamba kufotokoza. Atanena za nkhalango mfumu inagwedeza mutu. Atanena za ng'ombe inayasamula. Kenaka anafika pamutu weniweni wa nkhani.

"Mwini Dziko, dziko lanuli ndi lotsetsereka. Choncho tagwirizana ndi alimi kuti aliyense apitirize kuunga mizere yopingasa, motsata akalozera."

"Akalozera ndi ndani?" inafunsa mfumu. "Sindikukumbukira kuti ndinapatsa udindo munthu wa dzina limenelo."

"Si munthu, Mwini Dziko. Ndi mzere waukulu umene timayamba kuunga m'munda, n'kudzalapo udzu wa vetiva, kuti mizere ina yonse iziutsatira."

Apa a Gwadani anatsokomola, n'kudzuka pang'onopang'ono, nkhope yawo ikusonyeza kuti kuyankhula kukuwapweteka koma achita bwanji poti amakonda dziko.

"Pepani a Kadammanja, ine sukulu ya zaulimi sindinapiteko, ndiye mundithandize. Akalozerawo amaloza kuti?"

"Saloza kwina kulikonse, bwana. Amangozungulira phiri."

"Oo! Kalozera wosaloza. Amangozungulira phiri. Nanga paphiripo pamakhala ndani?"

A Kadammanja anaponya maso kwa mfumu.

"Chabwino, tisiye zimenezo. Mwati mizereyo ndi yotani?"

"Yopingasa."

"Yopinga ndani?"

"Imapinga madzi, bwana, kuti asathamange."

"Madziwo amachokera kuti?"

"Kumtunda."

"Kumtunda," anabwereza a Gwadani, akuyang'ana mfumu ndi maso achisoni. "Mwini Dziko, mwamva ndi makutu anu. Chochokera kumtunda kuno anthu anu akuchipinga. Lero ndi madzi. Mawa ndi lamulo lanu."

Mfumu inatuluka pakhonde n'kuyang'ana kumunsi. Kanali koyamba kuti iyang'ane minda, chifukwa kale lonse inkangoyang'ana nkhokwe. Inaona mizere itakulunga phiri lonse, wina pamwamba pa unzake, ndipo inamva ngati wina waimanga chingwe pakhosi.

"Zoona," inatero mfumu. "Palibe ndi umodzi womwe wondiyang'ana."

Lamulo linatuluka dzuwa lisanapendeke. Mzere uliwonse wa m'dziko la Mwatero uziloza kunyumba ya mfumu, kuchokera kumunsi kulunjika kumtunda, wowongoka ngati bango. Vetiva yense azulidwe. Munda wopezeka ndi mzere wopingasa ulandidwe. Ndipo poti zoipa zimayamba pang'onopang'ono, ogona pamphasa nawonso aleke kugona mopingasa.

Nduna zonse zimene zinali pabwalopo zinakulira kumunda. Zinkadziwa zimene madzi amachita akapeza njira yowongoka yotsikira phiri. Ngakhale a Gwadani ankadziwa, poti ali mwana mayi awo ankawakoka khutu akaunga mzere wotsetsereka. Komabe manja anawombedwa mpaka kufiira. A Kadammanja anakwezedwa pomwepo kukhala Mkulu Woona za Kuloza. Anatsegula pakamwa, anakumbukira ana awo, ndipo mawu amene anatuluka anali akuti, "Mwatero."

Lamulolo linafika pamsika wa Tinong'one dzuwa lili paliwombo. Wolengeza anakwera pachulu, n'kulilengeza mofuula, n'kutsika msangamsanga asanafunsidwe mafunso.

Pamsikapo panali mayi wina wamasiye, Nachisale, wa m'mudzi wa Kamtsetse, amene ankagulitsa maungu. Sanali maungu wamba. Anali a khosi lalitali, a mawangamawanga oyera, otsekemera moti ana ankakana kuthirako shuga. Mbewu yake anailandira kwa malemu mayi ake, ndipo pakhomo pawo panali lamulo lakale kuposa la mfumu: nthanga za maungu amenewo sizikazingidwa. Mwana wokazinga nthangazo ankaona zakuda. Zinkayanikidwa, n'kusungidwa m'chikho padenga kudikira mvula.

Mundawo nawonso unali wa mayi ake. Amayi a mbumba imeneyo anausenzera manyowa ndi dothi la pachulu zaka zosawerengeka, mpaka katondo wofiira wa m'phirimo anakwiririka ndi dothi lakuda loti ukapondapo phazi limalowa. Nachisale analibe ng'ombe, analibe malata. Anali ndi mundawo basi, ndiponso mwana wamkazi mmodzi, Mwaiwawo, amene anali pachitomero. Ku Mwatero mwamuna ndiye amatsata mkazi, ndipo mkamwini safunsa za nkhope ya apongozi, amafunsa munda. Theka la mundawo linali loti lipite kwa Mwaiwawo akakwatiwa.

"A Thunga, mwamva zimenezo?" Nachisale anafunsa bambo wogulitsa makasu amene ankayala malonda pafupi naye.

"Ndamva, mayi. Ndipo makasu angawa ndi atsopano. Amaloza okha."

"Musandiseketse, nkhaniyi si yoseketsa. Kodi mvulayo aiuza?"

"Akuti a Gwadani apita kukakambirana nayo. Chaka chino izigwa chokwera."

Mayi wina wogulitsa mchere analowerera monong'ona. "Ine chandivuta ndi cha pamphasachi. Amuna anga amagona ngati akusambira. Ndiye atilanda nyumba?"

Anthu anaseka chapansipansi, aliyense akuyang'ana malonda ake. Nachisale yekha sanaseke. Dzanja lili padzungu, ankaganiza za dothi la mayi ake.

Nthawi younga mizere itakwana, a Kadammanja anafika ku Kamtsetse atasenza njinga yawo. Anapeza Nachisale ataima pakalozera wake, vetiva akumufika m'chiuno.

"Alangizi, si inu nomwe munabwera kuno ndi chingwe ndi zikhomo, kundiphunzitsa kuika kalozera ameneyu?"

"Ndine, mayi."

"Ndiye lero mwabwera kudzatani?"

"Ndabwera kudzakuphunzitsani kuiwala."

"Manyazi mulibe?"

"Manyazi ndili nawo, mayi, ochuluka. Koma ana anga sadya manyazi."

Nachisale anayesa nzeru zake. Anaunga mizere yoloza kumtunda kwa munda, kumene kunkaoneka kuchokera panjira, n'kusiya yopingasa kumunsi. Sizinathandize. A Gwadani anali atalemba ntchito anyamata ambiri otchedwa Alonda a Mizere. Ntchito yawo inali kugona chafufumimba m'khwawa la mzere uliwonse, kutsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana kumtunda. Denga la nyumba ya mfumu likaoneka, mzerewo ndi womvera. Likapanda kuoneka, ndi woukira. Mlonda amene anagona m'munda mwa Nachisale anadzuka, n'kusasa fumbi, n'kunena kuti kumunsiko akungoona mbuzi.

"Mukonze, mayi. Tikabweranso n'kuona mbuzi, munda wapita."

Ndiye akanatani? Akapingasa, munda ulandidwa ndi mfumu. Akaloza, ulandidwa ndi mvula. Anasankha mvula, poganiza kuti mwina mvula ili ndi chisoni. Anazula vetiva yense ndi manja ake. Mizu ya udzu umenewo imalowa pansi kwambiri ndipo inkakana, ndipo iye ankaizula akutukwana, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Mwaiwawo anamuthandiza kuzula.

Kuchokera pakhonde la mfumu, dziko linakongola zedi. Mizere yonse inalunjika kwa mwini wake kuchokera mbali zonse. Mfumu inkatulutsa mpando m'mawa uliwonse kuti iziyang'anidwa, ndipo akuti inanenepa.

Kenaka mvula inagwa. Zikuoneka kuti a Gwadani sanaipeze pakhomo, chifukwa inagwa chotsika monga mwa masiku onse. Madzi anapeza kuti boma lawakonzera misewu yambirimbiri yowongoka, ndipo anathamanga mokondwa. Sanapite okha. Anatenga dothi, manyowa, ndi mbewu zimene zinali zitangodzalidwa. Mtsinje wa Pitanazo unada bii kwa masabata angapo, kenaka unayamba kufiira. Chimanga chimene chinatsala chinali chachikasu, chofika m'mawondo, ndipo chaka chimenecho nkhokwe zinadzaza ndi mphepo.

Alimi atatopa ndi kunong'ona anaganiza zokwera kubwalo. Nachisale anali kutsogolo. Onse anagwada patali monga mwa mwambo, n'kuyamba kulira pamodzi.

"Chonde, Mwini Dziko! Chonde chathu! Chonde chikutha!"

Mfumu inatembenukira kwa a Gwadani. "Akuti chiyani?"

"Akuti chonde, Mwini Dziko. Chiikireni lamulo lija anthu anu aphunzira ulemu. Kale ankangobwera n'kumati tikufuna chakuti, tikufuna chakuti. Lero tamvani nokha: chonde, chonde."

Mfumu inagwidwa mtima. Inapukuta diso ndi nsonga ya mkanjo.

Nachisale anaiwala mwambo n'kukweza mawu. "Sitikupempha ayi! Tikunena chonde cha m'nthaka!"

"Mwamva, Mwini Dziko?" anatero a Gwadani. "Akuti ngakhale nthaka ikuti chonde."

Pamenepo a Kadammanja, amene anali atawonderatu chifukwa cha udindo, anakwawa n'kufika kutsogolo. Kenaka anayankhula.

"Mwini Dziko, mundikhululukire. Mayiwa akunena dothi labwino la m'minda. Lakokoloka. Latsika ndi mizere, lawoloka Pitanazo, ndipo pano lili ku Zadzazokha."

Nduna zina zinayamba kuyang'ana zala zakumapazi. Koma a Gwadani sanapatsidwe unduna wachabe. Anaimirira, anakweza manja kumwamba, n'kufuula ngati munthu amene waona masomphenya.

"Imbani nthungululu! Mwini Dziko, agogo anu anamenyana ndi a ku Zadzazokha osalanda ngakhale chulu chimodzi. Inu simunaponye mkondo, simunataye msilikali, koma nthaka yanu yawoloka mtsinje n'kukakhala pamwamba pa dziko lawo. Pano anthu a kumeneko akuponda Mwatero, akulima Mwatero, akudya Mwatero. Ufumu wanu wakula!"

"Mwatero!" linayankha bwalo, ngakhale amene anatero sanali mfumu.

Tsiku limenelo linatchedwa Tsiku la Chigonjetso. Kunavinidwa magule, ndipo alimi aja anauzidwa kuti asabwerere kwawo asanavine. Mfumu inalamula kuti mizere ya chaka chotsatira ikhale yowongoka kwambiri, kuti nkhondo ipitirire. A Kadammanja anapezeka olakwa pobweretsa uthenga wabwino ndi nkhope yachisoni, ndipo anatsitsidwa kukhala mlonda wa powolokera mtsinje. Ntchito inalipo kumeneko, chifukwa anthu ena anali atayamba kuzemba. Pofuna kuwatsekera njira, mfumu inaika lamulo lina: munthu wa ku Mwatero asasiyane ndi nthaka ya makolo ake.

Pamsika wa Tinong'one, a Thunga anauza Nachisale kuti nkhondo yotere sanaionepo. "Tikupambana chaka ndi chaka, mayi. Tikapambananso kamodzi, tidzakhala titaima pamwala."

Sananame. Mvula ya chaka chachiwiri inamaliza zimene yoyamba inasiya. Pakati pa munda wa Nachisale panang'ambika chigwembe choti mbuzi ikagweramo imangomveka kulira. Kumtunda kunatuluka thanthwe limene palibe wa mbumbayo analionapo. Mbewu ya maungu imene anadzala inapita yonse ndi madzi, ndipo chikho cha padenga chinatsala chopanda kanthu.

Ndi nthawi imeneyo pamene Yotamu, mnyamata wotomera Mwaiwawo, anabwera ndi malume ake kudzaona munda umene adzalime. Nachisale anawatsogolera. Anayenda pang'ono n'kuima.

"Tipitirire, amayi," anatero Yotamu mwaulemu. "Mundawo uli kutsogoloku?"

"Mwaimapo."

Yotamu anayang'ana pansi. Anayang'ana malume ake. Malumewo anakanda thanthwe ndi ndodo, n'kunena kuti malowo ndi abwino kwambiri kuyanikapo ufa. Anatsanzika mwaulemu wonse, akuti akakambirane ndi abale, ndipo zokambiranazo sizinathe mpaka lero. Mwaiwawo analowa m'nyumba osatuluka tsiku lonse. Nachisale anamva kupweteka kuposa tsiku limene anaika mwamuna wake m'manda, chifukwa imfa ija sanaiunge ndi khasu lake.

Mwezi wa njala utafika, m'nyumbamo munalibe ngakhale gaga. M'mawa wina Nachisale anatenga khasu, n'kutsika phiri motsata khwawa la mzere wake womvera, mpaka anafika pamtsinje. Anapeza a Kadammanja atakhala pamwala, chibonga cha boma chili pamiyendo, njinga itatsamira mtengo.

"Mayi, bwererani," anatero osadzuka. "Lamulo mukulidziwa."

"Linenereni, ndaiwala. Paja munandiphunzitsa kuiwala."

"Munthu wa ku Mwatero asasiyane ndi nthaka ya makolo ake."

"Eya. Nthaka ya makolo anga ili kuti, alangizi?"

A Kadammanja anayang'ana kumtunda, kumene phiri linali lofiira ngati bala. Anayang'ana kutsidya, kumene chimanga chinali chobiriwira biriwiri, chitafika kale m'chifuwa.

"Ndakhala ndikuphwanya lamulo miyezi yonseyi," anatero Nachisale. "Nthaka inanyamuka kalekale, ine n'kutsala. Lero ndaganiza zomvera mfumu."

A Kadammanja anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu wodwala dzino. "Wolokani, mayi. Mwachedwa kale. Theka la mudzi wanu lamvera mfumu m'mawa womwe uno. Pondani kumanzereko, kumanja kuli dzenje."

Kutsidyako anakumana ndi a Tolani, bambo wonenepa, wansangala, mwini wa munda woyandikana ndi mtsinje. Ankafuna aganyu obandira, ndiko kukwezera dothi m'mizere chimanga chikakula.

"Takulandirani, mayi! Ntchito ilipo, yambiri. Mukudziwa, malo ano anali mchenga wokhawokha, ngakhale chisoso chinkakana. Koma Mulungu ndi wabwino. Zaka ziwirizi dothi langobwera lokha, lakuda, lonona. Sitinalipemphe n'komwe. Alangizi athu atithandiza kuika akalozera ndi vetiva kuti lisapitirire. Paja mizere yopingasa mumaidziwa?"

"Ndinkaidziwa," anayankha Nachisale. "Kwathu ndi mlandu."

Analowa m'munda, ndipo phazi lake linalowa m'dothi. Anaima. Anawerama n'kutapa dothilo m'dzanja, n'kulinunkhiza. Kenaka anaona pansi pa chimangacho maungu atayanga paliponse, ndipo pakati pa masamba panali dzungu la khosi lalitali, la mawangamawanga oyera.

"Amenewonso angomera okha," anatero a Tolani monyadira. "Kukoma kwake simungamvetse. Kuno tawatcha kuti mphatso. Kwanu aliko otere?"

"Analiko."

Anabandira tsiku lonse osaweramuka. Khasu linkalowa mofewa monga linkachitira kale, ndipo dothi linkamvera dzanja lake. Ankadziwa kuti akulimira mwini wake, koma sanathe kuligwira mwaulesi dothi limenelo. A Tolani anachita kuitana akazi awo kuti adzaone waganyu wolima munda wa eni ngati wake.

Nthawi yomweyo, pakhonde la pansonga paja, mfumu inaona timisana tambirimbiri titawerama m'minda ya kutsidya.

"Awo ndi ndani?"

"Ndi anthu anu, Mwini Dziko," anayankha a Gwadani. "Akulima dziko lanu latsopano."

"Nanga zokolola zake zifika liti kuno?"

"Nkhani imeneyo ili m'dongosolo la chaka chamawa."

Dzuwa litapendeka, a Tolani anauza Nachisale kuti asankhe yekha malipiro ake, chinangwa kapena dzungu. Anasankha dzungu. Analisenza pamutu n'kuwoloka Pitanazo, akulambalala dzenje lija. A Kadammanja anaimirira, chifukwa panalinso lamulo loletsa kulowetsa zakudya zachilendo m'dziko limene lili ndi zonse.

"Mayi, dzungulo ndi la kunja."

"Si la kunja ili, alangizi. Ndi mwana wa kwathu. Wangobwera kudzaona kumudzi."

A Kadammanja analiyang'anitsitsa dzungulo. Maungu otere anawadyapo kangapo pakhomo pa mayiyo masiku amene ankaika akalozera. Anavula chipewa, n'kupatuka panjira.

Kunyumba, Mwaiwawo analidula dzungulo n'kuliika pamoto. Asanaliike, nthanga anazikokota mosamala monga anaphunzitsidwira ali wamng'ono, n'kuzitsuka, n'kuziyala m'lichero. Kenaka anakwera pampando kutsitsa chikho chija padenga, n'kuchipukuta fumbi.

"Amayi, mbewu yabwerera. Chaka chamawa tidzadzala pati?"

Nachisale anali atakhala pakhomo, miyendo itatambasuka, dothi lakuda likadali m'zikhadabo. Anayang'ana kumunda. Kunali thanthwe, kunali chigwembe, ndi timizere tofiira tochepa timene tinatsala, tonse towongoka bwino, tonse toloza kwa mfumu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Bweza chikhocho, mwanawe."

"Amayi?"

"Tenga chiwaya. Uthire mchere pang'ono, ukazinge."

Mwaiwawo anaima chilili, lichero lili m'manja, kudikira kuti mwina mayi ake asintha mawu. Sanasinthe. Posakhalitsa nthanga zinayamba kuthetheka m'chiwaya, ndipo awiriwo anadya osayang'anana mpaka zinatha.

Utsi wake unakwera phiri popanda choupinga n'kukafika pakhonde la pansonga. Mfumu inayetsemula, ndipo bwalo lonse linawomba m'manja.

"Mwatero!"